Zakuda Zimayankha

Ine Vachagan, womanga nyumba za miyala yakuda ku Gyumri,
ndagonja kwa Hrachya zaka khumi ndi chimodzi
pa katebulo ka kuseri kwa sitolo yake ya mawotchi.
Iye akatenga zoyera, khofi wanga asanazizire
mfumu yanga imakhala ili kale pamtetete,
ikuyang'ana uku ndi uku ngati yaiwala chipewa.

Shushanik, mwana wanga wa zaka zisanu ndi zinayi,
amaphunzira tchesi kusukulu.
Usiku wina, chipale chofewa chitatseka theka la zenera,
anakankhira buledi pambali, nayala bolodi.
Ababa, vuto lanu ndi phuma.
Mfumukazi mumaitulutsa ngati yaitanidwa ku ukwati.

Iye e4.
Dzanja langa linali litanyamuka kale,
analigogoda ndi pensulo.
c6, anatero. Sitepe imodzi yokha.
Ndinaseka. Kamsilikali kosendera pang'ono chonchi,
ngati nkhalamba yotsika basi?
Ndi mwala wapansi umenewo, anatero,
kuti d5 akafika apeze potsamira.
Dzina lake Karo-Kani. Tanenani.
Ndinanena, lilime likupunthwa.

Kenako za bishopu woyenda m'malo oyera.
Mutulutseni kaye, musanatseke chitseko ndi e6.
Mukaiwala, adzatha masewera onse ali m'nyumba,
kusuzumira pamapewa a asilikali ake omwe.
Ndinaiwala. Ndinaiwalanso.
Kachitatu sanalankhule, anangoloza ndi chibwano.
Nditamutulutsa, hatchi yake inamulondola,
kamsilikali ka m'mphepete nakonso kali pambuyo,
f5, g6, h7.
Akuthawatu uyu, ndinatero.
Ayi, akubwerera m'mbuyo. N'zosiyana.

Chaka cha chivomezi ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi.
Ndinaona nyumba zazitali zitagwada mumsewu,
makatani akuuluka pomwe panali zipinda,
ndipo tinyumba tina takale, tatifupi, tosanyadira kanthu,
tinangong'aluka, n'kuima.
Izi sindinamuuze mwanayo.
Ndinangoyang'ana c6 ndi e6, d5 atapita kale,
mpata pakati pawo wosaposa chala,
ndipo m'manja mwanga munamveka ngati ntchito.

Milungu itatu ndinayenda ndi kapepala m'chipewa.
Pa nthawi yopuma, anzanga akusuta,
ndinkandandalika zibenthu za miyala pa thabwa,
chakuda apa, chofiira apo,
kunong'oneza ndekha ngati wobwereza ngongole.

Loweruka linafika. Hrachya e4, osayang'ana n'komwe.
Ine c6.
Anachotsa kagalasi kake pa diso.
Wadwala kodi, Vachagan?
Bishopu anatuluka, chitseko chinatsekeka,
mfumu ndinaisamutsira kuseri kwa khoma.
Iye anabwera ndi zonse, hatchi ziwiri, nsanja,
kugogoda apa, kugogoda apo, kufuna mwala wogwedera.
Mtima unkati dumpha, mulume pakhosi.
Ndinakhalira dzanja langa lamanja
mpaka linachita dzanzi.
Mawotchi makumi anayi pakhoma,
iliyonse ndi nthawi yake,
ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawamva onse.

Khofi anazizira. Wachiwiri anaziziranso.
Mayi wina anabwera kudzatenga wotchi ya mwamuna wake,
anadikira, anatsokomola, anapita.

Ndinagonja.
Pa kusuntha kwa makumi asanu ndi kasanu ndi kawiri,
bolodi litatsala pafupifupi lopanda kanthu,
kamsilikali kake kamodzi kananditsogolera sitepe imodzi.
Hrachya anapukuta pamphumi ndi nsalu yopukutira magalasi.
Sanandiseke. Anafunsa kuti ndani.

Kunyumba Shushanik anali atagona kale, nyali yoyaka.
Diso limodzi linatseguka.
Bishopu anatuluka?
Anatuluka.
Mfumu?
Inafa ndi ukalamba.
Chabwino, anatero, akukoka bulangete.
Mawa tiyamba za kumapeto.
Mubwere ndi pensulo yanu, yanga mwaitafuna.